Nyumba ya pafamu ndi tchalitchi cha ku Little Gidding: mafunso ndi mayankho

Little Gidding ndi kamudzi ka ku England kamene kali m'dera lakale la Huntingdonshire, lomwe lero lili mbali ya Cambridgeshire, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 14 kuchokera m'tawuni ya Huntingdon. Anthu okhala kumeneko ndi owerengeka, moti mu 1991 analipo 22 okha, koma chaka ndi chaka kumafika alendo ochokera kutali kudzaona tchalitchi chaching'ono cha Yohane Woyera ndi nyumba ya pafamu imene ili pafupi nacho. M'mbiri yonse ya malowa, tchalitchichi chakhala chikusamalika kapena kutayika malinga ndi amene akukhala m'nyumba yoyandikana nacho.

Kodi munthu akafika ku Little Gidding amaona chiyani?

Amaona zochepa, ndipo ena amakhumudwa nazo. Kanjira kochoka pamsewu kamathera pa nyumba ya njerwa imene kale inali ya mlimi, yomwe tsopano imatchedwa Ferrar House, ndipo pambali pake pali nyumba zina zingapo zokhalamo anthu. Kuseri kwake ndiye kuli tchalitchi, chomangidwa ndi njerwa koma chokhala ndi khoma la miyala kumaso, pamwamba pake pali kachipinda ka belu. Patsogolo pa khomo pali chiliza chachikulu chooneka ngati tebulo, pamene anaikidwa Nicholas Ferrar, mtsogoleri wa banja lachipembedzo limene linakhala pamalowa m'zaka za m'ma 1600. M'kati mwake mipando siyang'ana kuguwa ayi, koma inandandalikidwa m'mbali mwa makoma awiri moyang'anizana, monga zimakhalira m'matchalitchi a m'makoleji a ku Cambridge, ndipo anthu makumi ochepa chabe ndi amene angakwanemo.

Chofunika kudziwiratu n'chakuti nyumba imene banja la Ferrar linkakhalamo kulibe, ndipo tchalitchi chimene chilipo lero chinakonzedwanso kwambiri eni akewo atamwalira kale. Mlendo amene amaganiza kuti akuona nyumba za m'ma 1630 amakhala akuona ntchito ya mu 1714 ndi ya m'ma 1850.

Zinatheka bwanji kuti tchalitchi chisanduke mosungira udzu?

Pamalopa panali tchalitchi kuyambira m'zaka za m'ma 1100, ndipo panalinso mudzi wa alimi amene ankapempheramo. Mudziwo unatha pang'onopang'ono. Miliri inachepetsa anthu m'dziko lonse la England, kenako eni malo anaona kuti kuweta nkhosa kumapindulitsa kuposa kubwereketsa minda kwa alimi ang'onoang'ono, motero minda inatchingidwa n'kusanduka msipu, ndipo mabanja anasamukira kwina. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 panalibenso mudzi woti n'kuutchula, kupatula nyumba yaikulu ya mwini malo, imene nayonso inali kugwa.

Tchalitchi chopanda mpingo chimangokhala nyumba ya denga ndi makoma, ndipo mlimi sangasiye denga lili chabe pamene ziweto zake zikusowa posungira chakudya cha nyengo yozizira. Choncho pamene a Ferrar ankagula malowa mu 1625, m'tchalitchi munali mutadzaza udzu wouma wa ziweto, ndipo mbali ina ankasungiramo nkhumba. Zimene analemba John Ferrar, mkulu wake wa Nicholas, zimasonyeza kuti mayi awo, a Mary Ferrar, atangofika anakana kulowa m'nyumba asanapemphere m'tchalitchimo, ndipo anaumirira kuti udzuwo uyambe kutulutsidwa nthawi yomweyo, ena mwa iwo kudzera pamawindo.

Kodi banja la Ferrar linali lotani, ndipo linachokeranji ku London?

Linali banja la amalonda olemera. Nicholas Ferrar, amene anabadwa mu 1592, anaphunzira ku Clare Hall ku Cambridge, anayendayenda m'maiko a ku Ulaya kwa zaka zingapo, ndipo atabwerera analowa mu utsogoleri wa Virginia Company, kampani imene inkayendetsa ntchito yokhazikitsa Angelezi ku Virginia ku America. Anakhalaponso phungu wa nyumba ya malamulo. Mu 1624 mfumu inalanda chilolezo cha kampaniyo, ndipo pa nthawi yomweyo John anali m'ngongole zazikulu chifukwa cha mnzake wa pabizinesi amene chuma chake chinalowa pansi. Malo a Little Gidding anali a mnzakeyo, ndipo kuwagula ndi ndalama za mayi awo inali njira imodzi yopulumutsira John. Mliri umene unabuka mu London mu 1625 unangofulumizitsa ulendo.

N'zosavuta kufotokoza nkhaniyi ngati ya munthu amene anataya zonse chifukwa cha Mulungu, ndipo olemba ambiri achita zimenezo, koma ngongole, kugwa kwa kampani ndi mliri zinali m'kati mwa chisankhocho limodzi ndi chikhulupiriro. Mu 1626 Nicholas anadzozedwa udikoni ndi Bishopu William Laud ku Westminster Abbey, ndipo sanafune kupitirira mpaka unsembe. Udikoniwo unamukwanira kutsogolera mapemphero a tsiku ndi tsiku, koma pa Mgonero wa Ambuye, umene unkachitika kamodzi pamwezi, ankadalira wansembe wochokera m'mudzi woyandikana nawo.

Nanga nyumba yaikuluyo anaisandutsa chiyani?

Anaisandutsa zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo apa m'pamene mbiri ya malowa inalemera kwambiri. Panyumbapo pankakhala anthu pakati pa 30 ndi 40: mayi Ferrar, Nicholas, John ndi mkazi wake Bathsheba ndi ana awo, mlongo wawo Susanna ndi mwamuna wake John Collett pamodzi ndi ana awo ambiri, aphunzitsi, antchito, ndiponso amayi amasiye anayi osauka amene anapatsidwa zipinda zawo. Minda yambiri anaibwereketsa kwa alimi, ndipo banjali linkadya ndalama za lendi.

Nyumba imene kale munkakhala nkhunda anaikonza n'kukhala sukulu, ndipo ana a m'midzi yapafupi ankaloledwa kuphunzira limodzi ndi ana a pabanjapo. Chipinda china chinasanduka chosungiramo mankhwala, m'mene ana aakazi a Collett ankatsuka ndi kumanga mabala a anthu osauka, pakuti Nicholas anali ataphunzirako za mankhwala. Lamlungu kunkabwera ana a m'midzi kudzanena pamtima masalimo amene aloweza, ndipo aliyense ankalandira peni imodzi pa salimo lililonse, kenako n'kudya chakudya chamasana asanabwerere kwawo.

Pamwamba pa zonsezi panali dongosolo la mapemphero limene ndi lovuta kulikhulupirira poliwerenga lero. Ankadzuka 4 koloko m'nyengo yotentha ndi 5 koloko m'nyengo yozizira. Pa ola lililonse kagulu kamodzi kankasonkhana m'chipinda chachikulu kwa mphindi zochepa kunena masalimo ndi chigawo cha Uthenga Wabwino, mosinthanasinthana, kotero kuti masalimo onse 150 ankatha tsiku lililonse ndipo mbiri ya Yesu inkatha mwezi uliwonse. Katatu patsiku banja lonse linkayenda awiriawiri kuchokera kunyumba kupita kutchalitchi kukachita mapemphero a m'buku la mapemphero la mpingo wa Angilikani. Usiku, kuyambira 9 koloko mpaka 1 koloko, amene afuna ankachezera akunenanso masalimo, ndipo akamaliza ankagogoda pachitseko cha Nicholas n'kumusiyira kandulo, iye n'kudzuka kuti apitirize yekha mpaka kucha.

Sikuti aliyense ankasangalala nawo moyo umenewu. Makalata a banjali amasonyeza kuti Bathsheba, amene anakulira mu London, sanaukonde ngakhale pang'ono ulamuliro wa mlamu wake, ndipo owerenga ambiri lero amamumvetsa.

Kodi mabuku otchuka a ku Little Gidding ankawapanga bwanji?

Ankawapanga ndi lumo, mpeni ndi guluu. Kuti mbiri ya Yesu iwerengedwe ngati nkhani imodzi yotsatana, iwo ankagula mabuku osindikizidwa a Mateyu, Maliko, Luka ndi Yohane, n'kuwadula vesi ndi vesi, nthawi zina liwu ndi liwu, kenako n'kumata tizidutswato pa mapepala aakulu motsatira ndondomeko ya mitu 150 imene Nicholas anakonza. Pansi kapena pambali pa mawuwo ankamatapo zithunzi zosindikizidwa za ku Ulaya, zomwenso nthawi zina ankazidula n'kuzilumikiza mwatsopano kuti zigwirizane ndi nkhani. Tsamba likauma ankalipsinja kwambiri, kotero kuti munthu wongoliona mothamanga ankayesa kuti latuluka m'makina osindikizira. Ntchito yaikulu inali m'manja mwa atsikana a Collett, makamaka Mary ndi Anna, amene anaphunziranso kusoka ndi kukuta mabuku.

Mbiri ya mabukuwa inafika kwa Mfumu Charles I, imene inabwereka limodzi, n'kukhala nalo miyezi ingapo, n'kulibweza italembamo ndemanga m'mphepete mwa masamba, ndipo inapempha kuti aipangire lakelake. Bukulo linaperekedwa mu 1635 ndipo lero lili ku British Library. Mabuku ena a mtundu umenewu amene anapulumuka ali m'malaibulale a ku Britain ndi ku America.

Panyumba pomwepa m'pamenenso panafika zolembedwa pamanja za ndakatulo za George Herbert, mnzake wa Nicholas, amene anazitumiza ali pafupi kumwalira mu 1633. A Ferrar ndiwo anaonetsetsa kuti zasindikizidwa ku Cambridge chaka chomwecho.

Kodi malowa anali nyumba ya masisitere?

Ayi. Panalibe malumbiro a gulu lachipembedzo, panalibenso lamulo lotsekera anthu m'kati, ndipo ana aakazi ambiri a Collett anakwatiwa n'kuchoka. Mary ndi Anna okha ndi amene anasankha kukhala osakwatiwa. Komabe funsoli linali loopsa pa nthawiyo, chifukwa nyumba zonse za amonke ndi masisitere ku England zinali zitatsekedwa ndi Mfumu Henry VIII pakati pa 1536 ndi 1540, ndipo chilichonse chofanana nazo chinkaonedwa ngati njira yobwezeretsera Chikatolika mobisa. Mu 1641 munthu wina wosadzitchula dzina anasindikiza kabuku kotchedwa The Arminian Nunnery, koneneza malowa kuti ndi nyumba ya masisitere, kopita ku nyumba ya malamulo, kamene kanapotoza kalata ya mlendo wina amene anachezera banjali mu 1634. Bishopu wa dayosizi ya Lincoln, John Williams, amene ankakhala chapafupi ku Buckden, ankalidziwa bwino banjali ndipo ankavomereza zochita zake, koma kabukuko kanafalikira kwambiri kuposa umboni wake.

Kodi n'zoona kuti mfumu inabisala kumeneko, ndipo asilikali anaononga malowa?

Mfumu Charles inachezera Little Gidding poyera mu Malichi 1642, nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa mfumu ndi nyumba ya malamulo itatsala pang'ono kuyamba. Pa nthawiyo Nicholas anali atamwalira kale, pa 4 Disembala 1637, ndipo mayi ake anali atatsogola mu 1634. Pa 2 Meyi 1646 mfumuyo inafikanso usiku, ili wothawa, itatuluka mobisa mu Oxford. John Ferrar anaona kuti nyumba yawo ndi yodziwika kwambiri moti adani akanayambira kufufuza pomwepo, choncho anaiperekeza kudutsa m'minda kukagona ku Coppingford. Patangopita masiku atatu mfumuyo inadzipereka kwa asilikali a ku Scotland pafupi ndi Newark, ndipo mu 1649 inadulidwa mutu.

Nkhani yakuti asilikali a nyumba ya malamulo anabwera kudzafunkha katundu ndi kutentha limba la m'tchalitchi inatchuka kudzera m'buku la mbiri ya Nicholas limene Peter Peckard anasindikiza mu 1790, patapita zaka zoposa 140. Akatswiri ena a mbiri amene asanthula makalata a banjali amaikayikira nkhaniyi, poona kuti makalata a nthawiyo satchula chionongeko chotere. Peckard anakwatira mdzukulu wa banja la Ferrar, ndipo kudzera mwa iye zikalata za banjali zinafika ku Magdalene College ku Cambridge, kumene zili mpaka lero. 

Chimene chinathetsadi moyo wa pamodziwo si asilikali koma imfa. John ndi Susanna anamwalira mu 1657, ndipo panalibe wina amene anapitiriza dongosololo.

Nanga nyumba ya a Ferrar inapita kuti?

Inakhalabe m'manja mwa zidzukulu kwa zaka pafupifupi 100 ngati nyumba wamba ya eni malo. Zidzukuluzo ndi zimene zinakonzanso tchalitchi mu 1714: zinachifupikitsa, zinamanga khoma la miyala la kumaso, ndi kuika matabwa ndi mipando ya m'mbali. Kufupikitsako kumaoneka ndi maso. Nicholas anapempha kuti amuike mapazi ochepa kuchokera pakhomo, posiya mpata woti mkulu wake John adzagone pakati pa iye ndi tchalitchi, koma lero chiliza chake chili patali pang'ono kuposa mmene iye anayezera, chifukwa khomalo linabwerera m'mbuyo.

Malowa atatuluka m'banja la Ferrar, eni atsopano sanakhalepo, ndipo nyumba yaikuluyo inaonongeka mpaka inatheratu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Tchalitchi chinatsalanso chokha pakati pa msipu, monga momwe mayi Ferrar anachipezera.

Ndani anamanga nyumba ya pafamu imene ilipo lero?

Anali William Hopkinson, loya wa ku Stamford, amene anagula malowa mu 1848 chifukwa chokopeka ndi mbiri ya Nicholas Ferrar. Iye anamanga nyumba yatsopano ya mlimi pafupi ndi tchalitchi, anakonza minda, ndipo mu 1853 anakonzanso tchalitchicho n'kuikamo mawindo a magalasi amitundu okhala ndi zizindikiro za Mfumu Charles, Bishopu Williams, banja la Ferrar ndi zakezake. Kudziika pamzere umodzi ndi mfumu kungaoneke ngati kudzikweza, koma popanda ndalama zake n'zokayikitsa ngati tchalitchicho chikanafika zaka za m'ma 1900 chili ndi denga.

Kwa zaka zoposa 100 zotsatira, nyumbayo inali ya ulimi basi, yozunguliridwa ndi makola ndi mashedi. Alendo anayamba kuchuluka pambuyo pa 1881, pamene buku lanthano la J. H. Shorthouse lotchedwa John Inglesant, limene mbali ina ya nkhani yake imachitikira ku Little Gidding, linagulidwa kwambiri. Alendowo ankadutsa pabwalo la famu yeniyeni, pakati pa matope ndi ziweto, kuti akafike pakhomo la tchalitchi.

Kodi T. S. Eliot akukhudzana bwanji ndi malowa?

Mlakatuliyu anafikako mu Meyi 1936, ndipo mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, anasindikiza ndakatulo yotchedwa dzina la kamudzika, yomwe ndi yomaliza mwa zinayi za m'buku lake la Four Quartets. Ndakatuloyo imatchula njira yokumbika, khola la nkhumba, khoma la kumaso ndi chiliza, zomwe zikusonyeza kuti iye anaona famu imene ikugwira ntchito. Eliot atalandira mphoto ya Nobel mu 1948, dzina la Little Gidding linafika kwa owerenga a m'maiko ambiri amene sanamvepo za a Ferrar. Mu 1946 Alan Maycock, wolemba mbiri ya Nicholas, anayambitsa bungwe la Friends of Little Gidding, ndipo Eliot anali mmodzi mwa olichirikiza.

Kuyambira pamenepo malowa akhala ndi alendo amitundu iwiri, obwera chifukwa cha pemphero ndi obwera chifukwa cha ndakatulo, ndipo osamalira malowa amayenera kulandira onsewo m'chipinda chimodzi chopapatiza.

Kodi panakhalanso anthu ena oyesa kutsanzira moyo wa a Ferrar?

Inde. M'zaka za m'ma 1970 bungwe lina lachifundo linagula nyumba ya pafamuyo ndi kadera kozungulira, ndipo panakhazikika gulu la Akhristu a mipingo yosiyanasiyana, mabanja ndi osakwatira omwe, limene linadzatchedwa Community of Christ the Sower. Nyumba za pabwalo la famu zinakonzedwa ndi kuonjezeredwa kuti mamembala akhalemo, alendo ankalandiridwa, ndipo m'tchalitchi munayambanso kumveka mapemphero a tsiku ndi tsiku. Gululi linatha mu 1998. Linakhala zaka zocheperapo poyerekeza ndi banja la Ferrar, limene linakwanitsa zaka pafupifupi 30, ndipo mwina chifukwa chimodzi n'chakuti a Ferrar ankamangidwa ndi magazi ndi chuma chimodzi, pamene anthu odzipereka okha amatha kuchoka monga momwe anabwerera.

Lero malowa akugwira ntchito yanji, ndipo akuwasamalira ndani?

Gulu lija litatha, nyumba ya pafamu inakhala malo a m'bindikiro pansi pa bungwe la Little Gidding Trust, yolandira anthu ndi magulu ofuna masiku a bata, maphunziro ndi pemphero, pamene nyumba zina za pabwalo zimakhala ndi anthu a lendi. Tchalitchi ndi cha mpingo wa Church of England m'dayosizi ya Ely, ndipo boma linachiika m'gulu loyamba la nyumba zakale zotetezedwa, kutanthauza kuti palibe angasinthe khoma kapena zenera popanda chilolezo. A Friends of Little Gidding amakonza ulendo wa pansi wa chaka ndi chaka wochokera ku Leighton Bromswold, kumene kuli tchalitchi chimene George Herbert anachikonzanso mothandizidwa ndi a Ferrar, ndipo mpingo umakumbukira Nicholas pa 4 Disembala.

Kuti timvetse kufunika kwa nyumba ya pafamuyo, ndi bwino kuyang'ana mudzi woyandikana nawo wa Steeple Gidding. Kumeneko kuli tchalitchi cha Andireya Woyera, chachikulu ndi chokhala ndi nsanja yaitali, koma mudzi wake unatha ndipo sichichitikiranso mapemphero a Lamlungu ndi Lamlungu. Chili m'manja mwa bungwe la Churches Conservation Trust, losunga matchalitchi amene mpingo unaleka kugwiritsa ntchito. Anthu a ku Little Gidding nawonso ndi ochepa kwambiri moti sangathe kulipirira okha kukonza denga, matabwa ndi mawindo a nyumba ya zaka 300. Ndalama ndi manja ogwira ntchitoyo zimachokera kwa alendo ndi kwa mamembala a bungwe la Friends, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha panyumbapo pakakhala munthu wotsegula chitseko, woyala mabedi ndi wophika chakudya cha alendowo.